Mwendo wa Nkhumba pa Tebulo la Pulofesa

Lisboa, 3 Juni

Okondedwa achemwali a Deolinda,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira kuti bondo lija layamba kumva mankhwala, ndiponso kuti mukumwa amene anakupatsani kuchipatala, osati madzi a masamba a anansi anu aja. Ine m'thupi ndili bwino. Maso okha ndiwo akutopa msanga, moti mwezi watha ndinasintha magalasi.

Ndasankha kulemba chifukwa dzulo pa foni munalankhula mphindi makumi awiri, ine n'kungolowetsapo mawu atatu. Werengani mpaka kumapeto musanawapatse alamu a Horácio.

Kuno kwatentha msanga chaka chino. Nyumba yosindikiziramo mabuku ija, imene ndinagwiramo ntchito zaka 26, tsopano akugulitsiramo makeke kwa alendo odzaona mzinda. Makina aakulu aja anawasiya pakona kuti anthu azijambulitsirapo. Masana ndikugwirabe ntchito kosungira katundu, madzulo ndimapita kukalasi.

Mukudziwa kuti kuyambira Okutobala ndakhala ndikuphunzira pamodzi ndi anthu ena achikulire amene tinasiya sukulu kalekale, kukonzekera kulowa yunivesite. Ine ndikufuna mbiri yakale. Njira yolowera ndi yosabisika, inalembedwa pakhoma: mayeso olemba, kenako amaona ntchito zimene munthu wagwira m'moyo wake, pomaliza amakaonekera pamaso pa aphunzitsi atatu kuti amufunse mafunso. Ndikubwereza zimenezi chifukwa zikuoneka kuti kumudziko mumakhulupirira kuti palinso khomo lina lakuseri, lodzera kukhitchini.

Lachiwiri lapitali anandiitana ku ofesi ya Pulofesa Quintela, mayi amene amatsogolera aphunzitsi atatu aja. Ndinamanga tayi, poganiza kuti akukandiuza tsiku la mafunso. Nditalowa ndinapeza pa tebulo lawo, pakati pa mabuku, mwendo wathunthu wa nkhumba wowumitsa pa utsi. Nsalu ya mizere yofiira imene anaukulungamo ndinaizindikira ndisanakhale n'komwe pansi: ndi ya malemu mayi athu. Pafupi ndi mpando panali chigubu cha mafuta a azitona. Pa chiboda anamangapo kapepala kolembedwa ndi dzanja la a Anacleto akumudziko aja, kopempha apulofesa kuti amukumbukire Firmino wathu, mwana wa banja labwino.

Mayiwo sanakalipe. Anandifunsa ngati ndinkadziwa za katunduyo, ndinati ayi. Anandifunsa ngati ndikudziwa kumene wachokera, ndinati inde, ndikudziwa ngakhale khola limene nkhumbayo inkagona. Sanaseke. Anati wa takisi anasiya zonsezi pakhomo pa nyumba yawo Loweruka, amuna awo n'kulandira osadziwa kanthu, ndipo lamulo likuwakakamiza kulemba lipoti. Iwo achokamo m'gulu londifunsa mafunso. Komiti ikhala pa 17 mwezi uno kuti ione ngati ndipitirize kapena dzina langa lifafanizidwe. Likafafanizidwa ndiye kuti chaka chino chapita, ndipo sindikhulupirira kuti chaka chamawa adzatsegulira munthu amene pa failo yake palembedwa mawu akuti chiphuphu. Ndili ndi zaka 49, achemwali. Masamu ake muwerenge nokha.

Mwendowo panopa uli m'kabati ya alembi monga umboni. Anaulemba m'kaundula, n'kuupachika kachikwangwani kokhala ndi nambala yake. Walowa yunivesite ine ndisanalowe, mayeso osalemba.

M'kalasi nkhani inafika ine ndisanafike. Tili ndi mayi wina dzina lake Custódia, wogulitsa nsomba pamsika, wa zaka 53, amene akufuna kuphunzira za malamulo. Atangondiona anakuwa kuchokera kumbuyo kuti, "Iwe Firmino, achemwali akowo analakwitsa keyala! Akanatumiza kwa ine, bwenzi digiri nditakupatsa pompano, ndi chipewa chake chomwe!" Ndinamuuza kuti mwendowo uli m'kabati, akalembe kalata yopempha ngati akuufuna. Anati iye salemba makalata chifukwa cha nyama imene yakhala kale pakati pa alembi aboma, pofika lero yaphunzira kale ulesi. Kuyambira tsiku limenelo ndikalowa m'kalasi wina amalira ngati nkhumba chapansipansi. Anthu a imvi, ena ali ndi zidzukulu. Sindiwaimba mlandu kwambiri. Akanakhala wina, mwina inenso ndikanaseka.

Tsopano za a Anacleto, amene inu mumawatcha Adotolo. Munthu ameneyu wakhala zaka makumi atatu ku khonsolo akudinda ziphaso za agalu. Sanachizepo ngakhale chimfine, ndipo pepala la maphunziro akewo palibe wa kumudziko amene analionapo ndi maso. Komabe akamadutsa pa bwalo la tchalitchi amuna amavula zipewa. Munandiuza kuti iwo amadziwana bwino ndi banja la apulofesa. Ndafufuza. Msuweni wa akazi awo anakhalapo tebulo limodzi ndi amuna a Pulofesa Quintela pa ukwati wina zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Basi, ubale wake ndi umenewo. Apulofesa anandifunsa kawiri kalembedwe ka dzina la a Anacleto kuti aliike bwino mu lipoti.

Pa foni munati umu ndi mmene zinthu zimayendera chiyambire, ndipo munatchula opaleshoni ya m'chiuno ya azakhali a Ermelinda, kuti sikanatheka popanda Adotolo kuikapo mawu. Azakhali anadikira miyezi khumi ndi umodzi pa mndandanda wa chipatala, nthawi yawo n'kukwana. Kalata yowaitana ndinawawerengera ndine, ndipo inalembedwa mwana wa mbuzi uja munapatsa Adotolo asanaphedwe n'komwe. Nanga chilolezo cha chitsime chanu, chimene anadyerapo tchizi zisanu ndi chimodzi? Mpaka lero mukutunga kwa anansi. Vuto lanu ndi lakuti zikatheka mumathokoza Adotolo, zikakanika mumati sitinapereke zokwanira. Ndi mawerengedwe otere munthu sangalephere ntchito mpaka kufa. Chimene ndaona chikukula m'zaka zonsezi ndi mimba yawo.

Alamu a Horácio ndinawamvanso akukuwa kumbuyo kwanu, muwauze kuti foni imatola mawu patali. Amati mumuuze wamabukuyo kuti munthu wa dazi akufunanji pa benchi ya ana, ndiponso kuti nkhumba yabwinobwino yapita pachabe. Pa mfundo yachiwiriyi tikugwirizana. Pa yoyambayo, sindilandira malangizo a zamaphunziro kwa munthu amene nyuzipepala amaigula kuti akoleze moto.

Sindikunena kuti munachita ndi mtima woipa. Ndikudziwa kuti mwendo umenewo munkausungira chikondwerero cha mu Ogasiti, ndipo ndikudziwa kuti pamene bambo anandichotsa sukulu ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, munthu yekhayo amene analira munali inu. Koma komiti siona mtima wa munthu. Imaona mapepala, ndipo pepala limene ili nalo panopa ndi la a Anacleto lokha, lokhala ndi dzina langa pakati.

Pempho langa ndi limodzi. Lembani kalata ndi dzanja lanu, yonena zinthu zitatu: kuti katunduyo munatumiza ndinu, kuti amene anakulangizani ndi kulemba kapepalako ndi a Anacleto, ndiponso kuti ine sindinkadziwa kanthu. Musawonjezere zoti ndine mwana wabwino kapena kuti banja lathu ndi lopemphera. Mukaisainire ku ofesi ya parishi pamaso pa mlembi kuti adindepo chidindo. Ifike kuno pasanafike pa 14. Envelopu ndaikamo, keyala ndalemba kale, sitampa ndamata. Ipiteni nayo nokha ku positi ya mumzinda wa Guarda. Musapatsire munthu, makamaka wa takisi.

Dzulo nditangotchula za kalatayi munakana. Munati mukalemba dzina la Adotolo mudzawayang'ana bwanji kutchalitchi, ndipo mawa mukadzavutika adzakuthandizani ndani. Ndikudziwa kuti mlembi wa parishi ndi mphwawo, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse udzakhala utamva. Sindikubisirani kuti zidzakhala zopweteka. Akazi awo adzasiya kukupatsani moni, mwina mpaka Khirisimasi. Mudzataya moni wa anthu awiri ndi thandizo limene silinakuthandizenipo. Ine ndidzataya miyezi isanu ndi itatu ya kuwerenga m'sitima ndi pa nthawi ya chakudya chamasana, ndi malo amene sindidzawapezanso. Ikani ziwirizi pa sikelo yanu ya tchizi ija, muone mbali imene itsike.

Kalata ikapanda kubwera, pa 17 ndidzapitabe. Ndidzanena zomwezi ndi pakamwa panga, ndi maina omwe, chifukwa ndi zimene zinachitika. Kungoti mawu a munthu wodziteteza yekha sakhala ndi mphamvu, ndipo ine ndikanakhala m'komitimo sindikanamukhulupirira Firmino popanda umboni.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Ermelinda, muwauze kuti asasiye kuyenda ndi ndodo ngakhale akuti ikuwakalambitsa. Moni kwa mwana wanu Telmo ndi mkazi wake, ndi kwa kamdzukulu kanu kaja kamene sindinakaonebe. Moni kwa alamu, ngati akuufuna. Mukapita kumanda mukaike maluwa kwa mayi m'dzina langa. Nsalu yawo ndaipempha, akuti adzandibwezera nkhani ikatha.

Pali chinthu chimodzi chimene m'mphindi makumi awiri zija simunandifunse: kuti mayeso olemba ndinakhoza bwanji. Simunafunse chifukwa yankho loti sindingakhoze munali mutalipeza kale nokha, ndiye chifukwa chake munakwera pa mpando kukatsitsa mwendo uja kudenga. Zotsatira anazimata pakhoma Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti takisi ifike kwa apulofesa. Sindinakuuzeni chifukwa ndimafuna kudzanena zonse zitatha. Ndinapeza 17 pa 20. Mwa anthu 140 amene tinalemba, ndinali wachiwiri.

Cholembera chabwino chili m'kabati ya bambo, m'dirowa ya kumanzere.

Ine mlongo wanu,
Firmino