Bokosi la Melvin

Amake Jane,

Ndabwerera ku malire. Zakudya zili pa windozo musazikhudze.

Paja munandikakamiza kuti tilawe za ku lesitilanti yatsopano ya ku malire ija, ya zakudya za ku Thailand. Ndinayamba ndadya konko. Mpunga wozizira, nkhuku yotsekemera ngati athira shuga, msuzi wonunkha udzu wa mandimu wa mu tiyi uja. Munalibe wina wodya, koma pa tebulo lililonse panali mbale zodyera kale.

Ndinaitanitsa bokosi limodzi, lanu. Mayi wa pakauntala anandipatsa awiri, amvekere, "Ili ndi la Melvin, lopanda tsabola. Paja sadya."

Ine sindinatchule dzina la mwana wathu kwa aliyense. Patha zaka zitatu chimuikireni m'manda ku Thambani, mlendo angadziwe bwanji za tsabola? Galu ndamuponyera nthuli ya m'bokosi la Melvin lija, wangonunkhiza n'kukabisala kuseri kwa bafa.

Ndikufuna mayiyo andiuze amene wamutuma. Anthu a pano sindiwakhulupirira, mukudziwa.

Pepani, lero mudya mbatata basi. Wina akagogoda kufunsa chakudya chake, musatsegule, ngakhale mawu ake muwazindikire.

Ndine Mateyu