Alamu Amene Tinawalira Akukazinga Nsomba

Pa chilumba cha Mozambiki,
Julaye 1936

Okondedwa achemwali a Teleza,

Landirani moni. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Nanga ana ali bwanji ku Thyoloko? Ine thupi lili bwino, koma mtima uli ndi ukali.

Monga mukudziwa, bwana wa pa esiteti ananditenga kuti ndizimuphikira pa tchuthi chake. Tinakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Beira, kenako ya pamadzi. Chilumbachi n'chaching'ono ndiponso chotentha. Anthu ake amalankhula Chimakuwa, ndiye ndi Chilomwe chathu timamvana.

Lamulungu masana, bwana atapita kukadya kwa Apwitikizi, ndinayendayenda mpaka kuseri kwa msika. Ndinapeza kanyumba kofolera ndi masamba a kokonati, mabenchi awiri okha, mayi wina akugulitsa mpunga ndi nsomba zokazinga. Sindinama, amadziwa kuphika. Ndili pakati pa kudya, ndinamva mwamuna kukhitchini akukalipira mphaka m'Chinyanja. Mawuwo ndinawazindikira. Nditasuzumira, ndinaona amuna anu a Bizwick akukazinga nsomba, amene tinauzidwa kuti anafera mumgodi ku Wanki.

Ali moyo, achemwali, ndipo anenepa mpaka khosi kusowa. Mayi wogulitsayo ndi mkazi wawo, ali ndi mwana woyamwa.

Poyamba a Bizwick anakana kuti sandidziwa. Nditatchula dzina lanu ndi la mwana wanu Lizzie, anandikokera panja n'kundipempha kuti nditsitse mawu. Akuti ntchito yokakamiza ya thangata inawatopetsa. Ndinawafunsa ngati inu simunatope, inu amene munameta mpala chifukwa cha iwo, amene mumathyola tiyi m'mame mwana ali kumbuyo kuti akapitawo asakugwetsereni nyumba.

Chimene chandiwawa koposa anaulula okha. Amayi awo akudziwa zonse, ndipo uthenga wa maliro uja anaupangana awiriwo. Apongozi anu omwe aja, amene ankagubuduka pabwalo panu polira, inu n'kumawatonthoza.

A Bizwick anatulutsa nsalu kuti ndikupatsireni. Ndinaisiya pabenchi pomwepo. Mkazi wawo ananditsatira kudzafunsa chimene chalakwika, ndipo ndinamuuza zonse m'Chilomwe, osasiyako. Nayenso anamunamiza kuti sanakwatirepo. Phokoso limene linabuka m'kanyumbamo ndinalimva mpaka kudoko, ndipo sindinawamvere chisoni.

Pempho langa ndi limodzi. Vulani nsalu yakuda ija, muuze amalume a Mabvuto aitane ankhoswe. Ndikangofika, ukwati umenewu uthe pamaso pa anthu, ndipo apongozi anuwo adzakhalepo, adzatiuze ndi pakamwa pawo kuti tinkalira yani.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume, Lizzie ndi mlongo wake. Kwa apongozi anu musanene kanthu. Moni wawo ndibwera nawo ndekha.

Ine mlongo wanu,
Douglas