Kagudumu Kopaka Penti ka Galimoto ya Don Evaristo

Córdoba, 24 Febuluwale

Okondedwa achimwene Eusebio,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi alamu anga a Delfina ndi ana. Nanga bondo la amayi likuti bwanji? Mankhwala opaka ndinatumiza pa basi aja akupakadi, kapena angowasunga m'kabati monga mwa chizolowezi chawo? Ine kuno ndili bwino, kungoti kutentha kwa chaka chino kwanyanya, moti m'galaja timagwira ntchito titavula malaya, mayi Hilda eni galaja n'kumatikalipira kuti tiwathawitsira makasitomala.

Ndakulemberani chifukwa pali nkhani imene yandisowetsa mtendere, ndipo sindikufuna kuikamba pa foni.

Kuno kuli madala ena, Don Evaristo Luján, a zaka 79, amene kale anali dokotala wa mano. Ali ndi kagalimoto kofiira kaliwiro, ka mipando iwiri, kamene anagula mu 1986 akazi awo ali moyo. Anabwera nako akudandaula kuti injini ikumalira zachilendo m'mawa. Nditatsegula ndinapeza kuti lamba wa mano uja, wa taimingi, wakhwepa. Kagudumu komukunga n'kachikale, kodalira sipuling'i, ndipo sipuling'iyo inatopa kalekale. Ndinawalangiza kuti tisangosintha lamba, koma tiikenso kagudumu ka mtundu watsopano, kokhala ndi kabotolo kachitsulo ka mafuta kamene kamakankha gudumulo kokha kuti lamba asamakhwepe. Inu mukudziwa kuti pa injini zotere lamba akadumpha, mapisitoni amamenya mavavu, injini n'kufera pomwepo. Madalawo sanavute, chifukwa pa 12 Malichi akufuna kukwera nako mapiri kupita ku Mina Clavero, kumene kuli manda a akazi awo.

Chitsulocho tinaitanitsa ku Buenos Aires. Chitafika, mwana wawo Fabián, bambo wamkulu ndithu amene amagulitsa nyumba m'tauni muno, anati tisavutike, akatenga yekha phukusilo. Anabwera nalo patapita masiku atatu.

Achimwene, bokosilo linali lodulidwa tepi n'kumatanso. Gudumu linali lakuda bii, lowala, koma likununkha penti. Nditalizunguza ndi chala linalira ngati muli mchenga. Komanso kabotolo katsopano kamabwera ndi kamsomali kotsekera, kamene timazula tikamaliza kumanga. Apa kamsomaliko panalibe.

Mayi Hilda atandipeza ndili nalo pamphuno anati, "Iwe Nicanor, wayamba liti kununkhiza zitsulo ngati galu? Manga timpatse mkuluyu galimoto yake." Ndinawapatsa kuti anunkhize okha. Atanunkhiza analowa mu ofesi kukaimbira wogulitsa wa ku Buenos Aires uja. Iye analumbira kuti anatumiza chatsopano, mpaka anatitumizira chithunzi chake, kamsomali kali pomwepo. Ndisakubisireni, tsiku limenelo ndinakayikira aliyense, ngakhale mayi Hilda amene.

Fabián anayamba kubwera tsiku lililonse kudzafunsa ngati ndamanga. Lachinayi anakhala nafe pabenchi tikulandirana chikho cha tiyi wa yerba, ndipo mongocheza anandifunsa kuti gudumu lotere likafa, galimoto imayamba yachenjeza kapena imangozima. Anafunsanso kuti lotha ntchito lingayende makilomita angati. Munthu wogulitsa nyumba amafunsa zimenezo kuti atani?

Ndinamutengera kuseri kwa galaja, gudumu lili m'manja, n'kumufunsa kuti chatsopano chija wachiika kuti. Anayamba wakalipa, akuti ndikumutcha wakuba. Ndinangokanda penti ndi chikhadabo, dzimbiri n'kuonekera. Pamenepo anakhala pansi pa thayala.

"Chili m'buti ya galimoto yanga," anatero. "Ichi ndinakatola kogulitsa zitsulo zakale. Bambo anga saonanso bwino, Nicanor. Agunda geti kawiri. Mwezi watha anangotsala pang'ono kupsinja mayi wokankha mwana m'kangolo. Makiyi amakana kundipatsa. Ndimati injini ifere m'tauni mommuno, nkhani ithe."

"Nanga lamba munapangana naye kuti adukire m'tauni?" ndinamufunsa. "Akakadukira pakona ya phiri, kumunsi kuli phompho, mukanauza anthu chiyani pamaliro?"

Anadzuka pa thayala paja. Anapita kukatenga chatsopano chija, n'kundipempha kuti bambo ake ndisawauze. Misozi inali ikulengeza, moti ndinamumvera chisoni.

Ndinamanga tsiku lomwelo. Zizindikiro zonse za taimingi ndinazilunjikitsa, injini ndinaizunguza ndi dzanja kawiri, ndipo nditazula kamsomali lamba anakungika bwinobwino. Injini ikulira mosalala ngati ya dzulodzulo.

Nkhani ikanathera pomwepo ndikanagona tulo. Koma Loweruka kunabwera mkulu wina wovala nsapato zoyera, n'kuyamba kuizungulira galimotoyo akusisita penti. Anafunsa ngati iyi ndi ija yofiira yakufa injini. Anati munthu wina anamuuza masabata atatu apitawo kuti ikhala pamalonda posachedwa, ndipo iye injini alibe nayo ntchito, ali nayo ina. Nditamufunsa amene anamuuza, anaseka n'kunena kuti m'tauni muno nkhani zimayenda. Masabata atatu apitawo, achimwene, phukusi lija linali lisananyamuke n'komwe ku Buenos Aires.

Tsono sindikudziwa kuti misozi ija inali ya chiyani. Za maso n'zoona, chifukwa ndinayesa ndekha. Don Evaristo atabwera Lolemba ndinaika kiyi patebulo patsogolo pawo, ndipo anachita kufufuza ndi manja kuti ayipeze. Koma munthu wodera nkhawa bambo ake amapezeratu wogula?

Za gudumu sindinawauze. Ndinangowauza mosapita m'mbali kuti galimoto yawo yachira, koma ine sindingawapatse kuti akwere nayo mapiri ndi maso amenewo. Ndinkayembekezera kutukwanidwa. Anaika dzanja paboneti, kenako anati, "Chabwino mwana wanga, ndipezere wondiyendetsa. Koma asakhale Fabián." Nditafunsa chifukwa, anati akhala akuyang'ana m'kamwa mwa anthu zaka makumi anayi, ndipo pakamwa pobisa kanthu amapadziwa ngakhale maso atafooka.

Panopa galimotoyo ikugona m'galaja, kiyi ndimayenda nayo m'khosi, ndipo m'mawa uliwonse ndimatsegula boneti kuona ngati wina wagwiramo. Mabuleki ndawayang'ana katatu. Mayi Hilda akuti ndapenga, koma loko wapageti asintha okha popanda wowauza.

Pempho langa ndi limodzi. Inu munayendetsa lole pamsewu wa kumapiri umenewo zaka zisanu ndi zitatu, ine sindinaupondepo. Bwerani mudzawayendetse madalawa. Mipando ndi iwiri yokha, choncho ine ndizidzabwera pambuyo panu ndi kalole ka galaja, zipangizo zili momwemo. Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yovuta kusiya munda wa thonje, koma palibe wina amene ndingamudalire ndi chiwongolero chimenechi.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya bwino. Moni kwa alamu, kwa azakhali a Petrona, kwa amalume a Cirilo, ndi kwa ana nonse ku Añatuya. Achemwali a Zulema muwauze kuti chithunzi cha mwana chinafika, ndipo mphuno ndi ya kwathu.

Mudzafike kuno pa 9 Malichi. Ine ndi madala tagwirizana kuti tinyamuke pa 10, osati pa 12 monga Fabián akudziwira. Zimenezi musauze munthu, ngakhale alamu.

Ndine mng'ono wanu wokukumbukani,

Nicanor