Mandasi Anabwerera Osadyedwa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Dedzako. Ine kuno ndikudzuka.

Paja ndinasamukira ku Alexandria chifukwa kuno ku Virginia ntchito zosamalira okalamba sizisowa. Koma lamulo la kuno n'losiyana ndi la ku Maryland kumene ndinkakhala: kusonkha ku bungwe la ogwira ntchito n'kufuna kwako. Ndinkaiona ngati nkhani yaing'ono.

Mwezi watha anachotsa ntchito a Chansa, mayi a ku Lusaka amene anandiphunzitsa ntchitoyi, atadandaula kuti odwala atichulukira. Bungwe linaitanitsa msonkhano. Ine poganiza kuti anthu akhamukira ngati pamaliro, ndinakazinga mandasi beseni lonse. Achemwali, mipando inangokhala chisanjikizire. Ngakhale a Kingsley, amene amaimba kwaya imodzi ndi a Chansa, sanabwere, ndipo m'mawa mwake anali atatenga kale mashifiti a mayiwo. Mpaka lero mutu wanga sukugwira.

Potuluka ndi beseni lija ndinakumana ndi abwana pakhomo. Anandimwetulira bwino kwambiri.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawauze. Masiku ano ndikungokhala kunyumba, ndiye mukhoza kumandiimbira nthawi iliyonse, ngakhale masana.

Ine mng'ono wanu,
Gwendoline