Jerome Wapezeka M'minibasi

Okondedwa azakhali a Lines,

Ndikhulupirira muli bwino ku Thyoloko. Kuno ku Cape Town mphepo yokha ndiyo ikutizunza.

Mtima ukhale m'malo, mwana wanu Jerome ali moyo. Lachiwiri m'minibasi yopita ku Kommetjie, bambo wina analandira chenji ndi manja awiri. Anthu akuno satero, ndiye ndinamusuzumira kumaso. Anali iyeyo, munthu amene tamusaka m'zipatala ndi kumotchale chaka chathunthu.

Anangoti, "Asuweni, musakuwe."

Waonda, ndipo salankhula zambiri. Azimayi akumpingo tikumuphikira mosinthana, ndipo a Lucius, mkulu wampingo, amupatsa pogona.

Za kumene anali tidzakambirana pamaso. Inu lekani kulira, koma mkazi wake musamuuze kaye.

Ndine mwana wa achimwene anu,
Esnart