Mano Atsopano a Kadona

Lolemba, 3 Marichi

Ndinapita ndi mwana wanga Kadona kwa dokotala wa mano. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, mano achikasu, othetheka ngati choko. Madzi ozizira akangowakhudza, misozi. Adokotala akuti ndi vuto losowa, lakumtundu: mano amamera opanda chikuto cholimba chakunja chija. Anandifunsa, "Kwanu alipo wina wotere?" Ndinayankha milomo ili yotseka. Anandiyang'ana pakamwa, sanafunsenso.

Lachitatu, 5 Marichi

Mano akumbuyo awaveka tizisoti, akutsogolo ayamba kuwamata zoyera. Ine ndili msinkhu wake anangondizula awiri, amvekere sinditsuka mkamwa. Zaka makumi atatu ndikuseka dzanja lili pakamwa.

Loweruka, 8 Marichi

Akutsogolo atha. Kadona sakuchoka pagalasi. Bambo ake amujambula kakhumi, atumizira azichemwali awo onse. "Tasekanso, mfumukazi yanga!" Ine chikwatiranireni sanandiuzepo kuti ndiseke. Pa chithunzi chathu chaukwati ndili ngati ndavuwata madzi.

Ndi nsanje. Ndalemba basi. Nsanje ndi mwana wobereka ndekha. Mayi wamtundu wanji ine?

Lamlungu, 9 Marichi

Apongozi: "Bola, wasiya kufanana ndi amake." Onse anafa nacho chiseko. Ndinapita kukatsukanso makapu otsukatsuka kale.

Lachiwiri, 11 Marichi

Kadona wabwerako kusukulu, watsegula firiji, wamwa madzi kapu yonse osapumira. "Amayi, sakuwawa! Talawani!" Ndamukalipira kuti firijiyo si chidole. Wabweza kapu mwakachetechete, mpaka madzulo sanasekenso.

Ndimafuna kumupepesa.

Lachinayi, 13 Marichi

Tsiku lokaonetsanso. Zonse zakhala bwino, akuti tizipita miyezi itatu iliyonse mpaka mano ena onse atamera. Ndinali nditanyamula kale chikwama.

Potsika pampando Kadona anati, "Adokotala, amayi anganso awo amawawa. Amatafunira mbali imodzi, tiyi amadikira azizire kaye."

Sindimadziwa kuti amaona.

Ndinati iyayi, musamumvere, ine ndakalamba nawo kale. Adokotala anavula magolovesi, n'kuvala ena.

"Mayi, tabwerani mukhale apa. Ndingoona chabe."

Kadona anandilanda chikwama n'kukhala pa benchi yanga, miyendo ili lendelende. Mpando unali udakali wofunda. Nyali ija itandiwalira kumaso, ndinayasamula.