Njanji ziwiri za abambo

Amayi, kumene muliko kuli bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti thupi langa layamba kukana ntchito.

Ndiyambe ndi zabwino. Esinati, mdzukulu wanu uja munkamunena ulesi, ali ndi mwana wamkazi tsopano, ndipo tamutcha dzina lanu. Kulira kwake ndi kwa munthu wosafuna kutsutsidwa, ndiye dzinalo lapeza mwini. Chimanga tapeza chochepa, nkhokwe sinafike n'pakati pomwe, koma nandolo akuoneka bwino.

Chimene ndakhalira pansi kulemba ndi mlatho. Paja mutatsala pang'ono kutisiya munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Elube, mlatho wa bambo ako usadzagwe iwe uli moyo." Ine ndinavomera msanga, osadziwa kulemera kwake.

Mbiri yake mukuidziwa kuposa ine, koma ndiloleni ndiibwereze, poti kuno ofuna kuimva anatha. Abambo ankagwira ntchito yoyala njanji yochokera ku Liwonde kupita ku Nayuchi. Ntchito itatha, kapitawo anawapatsa njanji ziwiri zopindika zimene zinakanidwa. Anzawo anabwerako ndi mawailesi ndi njinga, iwo anatsika pa lole ndi zitsulo, mudzi wonse n'kuseka. Inunso munaseka, musakane. Koma omwewo anazikoka ndi zingwe masiku awiri kuchokera kumsewu mpaka kumtsinje, ndipo kuyambira pamenepo ana anasiya kujomba kusukulu ya ku Mishoni nthawi ya dzinja. Sitima sinadutsepo m'chigwa chino, ine ndinaikwera kamodzi kokha, koma tonse tinakula tikuyenda pa njanji. Munkakonda kunena kuti mkamwini saoka mango pamudzi pa eni, koma amuna anu anaoka chitsulo. Atamwalira, abale awo anatenga maliro kukaika kwawo ku Ntcheu, kuno kunangotsala mlathowo.

Chikuwolotsereni pamenepo kupita kumanda, matabwa takhala tikusintha ndife awiri, ine ndi amuna anga, bambo a Esinati. Anthu amadutsa ndi njinga ndi matumba opita ku Songani, koma thabwa likathyoka amabwera pakhomo kudzandiuza ngati mbuzi yanga yalowa m'munda mwawo. Matabwa ena amazula n'kukasonkhera moto. Chibwerere matipate, ukaitana anthu ku ntchito ya mudzi amati ndi thangata.

Mvula ya chaka chino inagumula gombe la tsidya lija, njanji imodzi inagwera m'madzi. Bambo a Esinati anayesa kuikoka, msana unawagwira, mpaka lero sawerama. Ndinayenda khomo ndi khomo kupempha manja, aliyense ankati mawa. Sindikuwada kwenikweni. Kumtunda, pafupi ndi msewu, amanga mlatho wa simenti, ndipo ngakhale maliro akumadzera kumeneko.

Mwezi watha akuluampingo anabwera kudzapempha njanji ya m'madziyo, kuti aidule ikagwire denga la tchalitchi chathu chaching'ono, chidutswa chotsala chikhale belu. Anayankhula mwaulemu, anatchulanso abambo bwino lomwe. Ine ndinati, "Tengani zonse ziwiri." Amayi, sanandikakamize, ndipo yachiwiriyo sanaipemphe n'komwe. Ndinatopa. Tsiku lomwelo kunapezeka amuna ambiri okoka, ena mwa iwo omwe aja ankati mawa. Chondichititsa manyazi n'chakuti poona zitsulozo zikukwera mtunda, mtima wanga unapepuka. Ndinalira pambuyo pake, ndikutsuka mbale.

Tsono kuzungulira ku mlatho watsopano ndi ulendo wa m'mawa wonse, ndipo mawondo angawa sakulola. N'chifukwa chake simunandione chaka chino. Ndikaima pagombe ndimaona mitengo ya kumanda ili pafupi, moti nditati ndifuule mukhoza kumva, koma udzu umene wamera pamene mwagonapo sindingaufike. Musaganize kuti ndakutayani.

Lonjezo lija ndalephera, ndipo sindikufuna kuti mumve kwa wina. Ndikupatsani lina laling'ono, loti ndingathe. Madzi akaphwa mu Ogasiti ndidzakwinya chitenje n'kuwoloka pansi, khasu paphewa, monga munkachitira inu muli mtsikana. Ndidzalambula bwinobwino, kenaka ndidzakhala pansi pambali panu. Ngati muli ndi mawu ondikalipira, mudzandiuze pomwepo, sindidzayankha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube